Sipika Imodzi Yoimba Mawu Onse

Mabokosi awiri amene aima m'chipinda chathu chochezera tinawakhoma tokha, ndipo m'bokosi lililonse muli sipika imodzi yokha, ya mainchesi 4 m'mimba mwake. Mulibe twita, mulibe wufa, mulibenso timagetsi tothwanimathwanima. Achinyamata obwera kudzacheza ndi ana athu amayamba aseka, kenaka amakhala chete kumvetsera, ndipo potsiriza amafunsa mafunso. Makolo awo amafunsanso, koma funso lawo limakhala lina: kodi ntchito yotereyi siidzangotha ndalama za fizi ndi kudzaza nyumba ndi phokoso? Popeza mafunsowo amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, tayesa n'kwabwino kuwayankha pano, kuti makolo ndi ana awerengere pamodzi asanagule thabwa ngakhale limodzi.

Tiyambe ndi chinthu chenichenicho. Mukatsegula wayilesi yakale, monga ija ya Nzeru imene inkapangidwa ku Blantyre, mudzapeza chipepala chakuda chooneka ngati denga la nkhokwe lozondoka. Kunsonga kwake kwamatidwa koyilo ya waya wopyapyala, ndipo koyiloyo imakhala m'kampata kopapatiza pakati pa maginito. Magetsi ochokera ku ampulifaya akamasinthasintha m'koyilomo, koyilo imapita kutsogolo ndi kumbuyo, chipepala chimatsatira, mpweya umakankhidwa, ndipo khutu limamva mawu. Palibe chinsinsi china. Peter Jensen ndi Edwin Pridham anapanga chokuzira mawu cha koyilo yoyenda ku California mu 1915, koma sipika ya chipepala imene tikuidziwa lero inachokera kwa Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku General Electric, amene anafotokoza ntchito yawo mu 1925. Zaka 100 zapita, koma mmisiri wa nthawi imeneyo atadzuka lero akhoza kuizindikira sipika ya m'nyumba mwanu osafunsa munthu.

Khutu la mwana wathanzi limamva kunjenjemera kwa mpweya kuyambira pa maulendo 20 mpaka 20,000 pa sekondi, ndipo muyeso umenewu umalembedwa Hz. Ife akuluakulu tinataya kale gawo la pamwambalo, ngakhale sitikonda kuuzidwa. Tsono vuto la opanga masipika ndi lakuti mawu akuya a besi amafuna chipepala chachikulu chokankha mpweya wambiri, pamene mawu opyapyala a pamwamba amafuna kanthu kopepuka kotha kunjenjemera mofulumira kwambiri. Njira imene mafakitale ambiri anasankha ndiyo kugawa ntchito: wufa itenge za pansi, twita itenge za pamwamba, ndipo pakati pawo paikidwe chida chotchedwa crossover, chopangidwa ndi makoyilo ndi makapasita, chogawira aliyense gawo lake. Sipika imene Angerezi amaitcha full-range imakana kugawanako. Imasenza mtolo wonse yokha.

Nanga chifukwa chiyani munthu wanzeru zake angasankhe wantchito mmodzi pamene angathe kulemba awiri? Funso ili ndilo phata la nkhani yonse, ndipo tikhalapo pang'ono.

M'masipika ambiri a wufa ndi twita, malire a ntchito yawo amagwera pakati pa 2,000 ndi 3,000 Hz. Mwatsoka, apa mpamene khutu la munthu limamva mwatcheru koposa, ndipo mpamene pali zizindikiro zimene zimatidziwitsa kuti woyankhula ndi mayi athu osati azakhali. Mawu a munthu mmodzi amadulidwa pakati. Theka likutuluka pamalo ena, theka linalo pamalo enanso, ndipo magawo awiriwo ayenera kukumana pa khutu pa nthawi imodzi ndiponso pa mphamvu yofanana. Mafakitale abwino amachita zimenezi mwaluso, pogwiritsa ntchito maikolofoni oyezera ndi makompyuta. Koma mnyamata wokhoma bokosi kuseri kwa nyumba alibe zida zotero. Akagula wufa apa, twita apo, crossover kwinakwake, n'kulumikiza zonse, kawirikawiri chotuluka chimakhala phokoso lobaya m'makutu, longa kwaya imene oimba ake sanakumanepo pokonzekera. Ndi sipika imodzi vuto limeneli palibe. Mawaya awiri amachoka ku ampulifaya n'kukafika pa sipika, basi. Mawu onse amachokera pamalo amodzi ndi pa nthawi imodzi, monga amachitira m'kamwa mwa munthu. Chifukwa chake liwu la wowerenga nkhani, gitala wa nsambo, kapena kwaya yoimba yopanda zida zimamveka mwa chibadwa chake, kotero kuti mukatsinzina mumatha kuloza pamene paima woimba sopulano ndi pamene paima wa tenala.

Si ife tokha amene timaganiza chomwecho. Ku England, Paul Voigt anathera zaka za m'ma 1920 ndi 1930 akukonza masipika a mtundu umenewu, ndipo ntchito yake inapitirira m'kampani ya Lowther, imene dzina lake likulemekezedwabe ndi okonda nyimbo. Ted Jordan, Mngerezi winanso, anatchuka m'zaka za m'ma 1960 ndi masipika aang'ono a chitsulo chopepuka cha aluminiyamu m'malo mwa pepala. Ku Japan, kumene zipinda ndi zazing'ono ndipo anansi amakhala pafupi, kukhoma mabokosi a sipika imodzi kunasanduka chizolowezi cha anthu ambiri. Kampani ya Fostex imagulitsa masipika opanda bokosi kuti ogula azikhoma okha, ndipo mlembi wina, Tetsuo Nagaoka, anajambula mapulani ambirimbiri amene anthu akutsatirabe ngakhale iye anamwalira mu 2000. Ngakhale m'nyumba zazikulu zojambulira nyimbo, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 munkakhala kabokosi ka Auratone ka sipika imodzi, kamene akatswiri ankayesera nyimbo yawo kuti adziwe mmene idzamvekere pa wayilesi ya munthu wamba.

Koma tisakunamizeni. Wantchito mmodzi wosenza mtolo wonse amatopa, ndipo malo oyamba amene kutopako kumaonekera ndi pa besi. Funso lakuti "Kodi idzagunda?" timalimva kwa mnyamata aliyense, ndipo yankho loona ndi lakuti siidzagunda monga zimagundira zimkuzamawu za pa ukwati. Chifukwa chake ndi lamulo la chilengedwe limene palibe mmisiri angalizembe: mawu akatsika ndi theka, monga kuchoka pa 100 Hz kufika pa 50 Hz, chipepala chiyenera kuyenda mtunda wochuluka kanayi kuti mawuwo amveke pa mphamvu yomweyo. Sipika ya mainchesi 4 imangoyenda mamilimita ochepa. Ikaumirizidwa kupitirira apo imayamba kusasa mawu, ndipo popeza chipepala chomwecho ndicho chikuimbanso mawu a pamwamba, nawonso amadetsedwa. Nsambo yotsikitsitsa ya gitala wa besi imalira pa 41 Hz. Sipika yaing'ono m'bokosi labwino imafika bwino pa 60 kapena 70 Hz, ndipo kutsika pamenepo mawu amayamba kuzilala. Chodabwitsa n'chakuti khutu limadzaza lokha gawo losowalo pomva mawu ena okwera amene nsambo yomweyo imatulutsa, kotero kuti nyimbo siimveka yoperewera. Chimene chimasowa ndi kuja kogwedeza chifuwa ndi mawindo. Kwa mwana wanu ichi chingaoneke ngati chilema. Kwa agogo amene amagona chipinda choyandikana ndi dalitso.

Kumwamba nakonso kuli malire ake. Liwiro la mawu mumpweya ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho funde la 100 Hz limatalika mamita 3.4, pamene la 10,000 Hz limangotalika masentimita 3.4. Funde likafupika kuposa kukula kwa chipepala, mawu amaleka kufalikira mbali zonse n'kuyamba kuyenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Wokhala moyang'anizana ndi sipika amamva zonse. Wokhala pambali amamva ngati aphimba bokosi ndi bulangete. Sipika ikakula vutoli limakulanso. Ichi n'chifukwa chake masipika aakulu a mtunduwu, a mainchesi 6 kapena 8, amakhala ndi kachipepala kachiwiri kakang'ono pakati, kooneka ngati kaduwa, kamene Voigt anakagwiritsa ntchito kalekale. Ena amakakonda, ife timaona kuti nthawi zina kamakuwa. Pamene tafunsidwa kuti woyamba agule saizi yanji, timati ya mainchesi 4 kapena 5. Ya mainchesi 3 imaimba pamwamba mokoma koma imafuna thandizo pansi, ndipo ya mainchesi 8 imafuna bokosi lalikulu ndi thumba lalikulu.

Tsono tifike pa bokosi, pakuti ambiri amaliyesa chovala chabe cha sipika. Iyayi. Chipepala chikapita kutsogolo chimapanikiza mpweya wa kutsogolo ndi kukoka wa kumbuyo. Sipika ikakhala yamaliseche patebulo, mpweya wopanikizikawo umangozungulira m'mphepete n'kukadzaza kumbuyo, ndipo besi yonse imafa isanafike pa khutu. Anthu a kumudzi anazindikira zimenezi popanda buku: amene anaonapo sipika ya wayilesi itaikidwa pakamwa pa mtsuko kapena pa chidebe amadziwa mmene mawu amanenepera nthawi yomweyo. Ntchito yoyamba ya bokosi ndiyo kulekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Ntchito yachiwiri ndiyo kuchita kanthu ndi mawu a kumbuyowo.

Bokosi lotsekeratu ndilo losavuta. Mpweya wotsekeredwa m'kati umakhala ngati sipuling'i yogwira chipepala, ndipo njira imeneyi inatchuka ndi Edgar Villchur wa ku America mu 1954. Bokosi la chibowo kapena la paipi, limene Albert Thuras wa ku Bell Laboratories analembetsa mu 1930, limagwira ntchito ngati botolo limene mwana amaliuzira pakamwa: mpweya wa m'paipi umalira pa liwu limodzi lakuya, n'kuthandiza sipika pomwe yayamba kulephera. Limapatsa besi yambiri, koma paipi ikalakwika kutalika besi yake imangokhala ya liwu limodzi, "bu-bu-bu", nyimbo iliyonse chimodzimodzi. Pali bokosi lalitali longa chitoliro chokula pang'onopang'ono, limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina la Voigt. Kutalika kwake kumakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a funde limene mukufuna kulithandiza, kotero kuti la 60 Hz limafuna chitoliro cha mamita 1.4, chimene mungathe kuchipinda pakati kuti chisatalike kwambiri. Palinso bokosi la lipenga lopindapinda m'kati, lokondedwa ku Japan, limene limatulutsa mawu ambiri ndi magetsi ochepa, koma limafuna matabwa ochuluka ndi kalipentala wodekha mtima. Ndipo pali thabwa lalikulu chabe lopanda kumbuyo, limene limamveka mwaufulu ndithu, kungoti limadya malo amene amayi a m'nyumba sangalole kuti aperekedwe.

Kusankha pakati pa zonsezi si nkhani ya maloto. Neville Thiele wa ku Australia anasindikiza masamu ake mu 1961, ndipo Richard Small anawakuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku yunivesite ya Sydney. Chiyambire nthawi imeneyo sipika iliyonse yabwino imagulitsidwa ndi pepala la manambala, ndipo atatu ndiwo ofunika kwa ife. Fs ndi liwu limene chipepala chimanjenjemerapo chokha, monga ng'oma ili ndi liwu lake. Sipika siitsika kwambiri kupitirira pamenepo. Vas, yolembedwa m'malita, imasonyeza kufewa kwa sipika. Qts imasonyeza mmene maginito amagwirira chipepala kuti chisapitirire kunjenjemera. Amisiri amatsata lamulo la chizolowezi lakuti Qts ikakhala pansi pa 0.4 sipikayo imakonda bokosi la paipi kapena la lipenga, ikakhala pakati pa 0.4 ndi 0.7 imakonda lotsekeratu, ndipo ikapitirira 0.7 imamveka bwino pa thabwa lopanda kumbuyo kapena m'bokosi lalikulu kwambiri. Tipereke chitsanzo chimene mwana wa fomu 3 angathe kuchitsimikiza. Tiyerekeze sipika ya Fs 70, Qts 0.5 ndi Vas malita 10. Ikaikidwa m'bokosi lotseka la malita 10, manambala awiri oyambawo amachulukitsidwa ndi 1.41, imene ili sikweya ruti ya 2; Q imafika pa 0.7, pamene mawu amatsika mosalala popanda chotupa, ndipo liwu la bokosi limakwera kufika pafupi ndi 99 Hz. Mukachepetsa bokosi, manambala onse awiri amakwera: besi imachepa kuya ndipo imayamba kudzikuza. Bokosi la malita 10 ndi la masentimita 20 m'lifupi, 20 kuya ndi 25 msinkhu, poyeza m'kati. Taona ana amene ankadana ndi masamu kusukulu atagwira pensulo mpaka usiku chifukwa cha kuwerengera kumeneku, ndipo kwa makolo ofunsa za phindu la ntchitoyi, ichi chokha si chinthu chaching'ono.

Komabe kwa woyamba malangizo athu ndi akuti asajambule pulani yakeyake. Makampani monga Fostex, Markaudio ndi Visaton amasindikiza mapulani a mabokosi oyenera masipika awo, ndipo amapezeka pa intaneti kwaulere. Tsatirani miyeso ya m'kati monga yalembedwera. Luso la kusintha lidzabwera pa bokosi lachiwiri.

Za matabwa tinganene zambiri, pakuti apa mpamene ntchito imakomera kapena kuonongekera. Bokosi la sipika si gitala, siliyenera kuimba. Mukaligogoda ndi chala lizimveka "thi", osati "ngo". Pulayiwudi wa mamilimita 18 ndiye bwenzi labwino, ndipo kwathu kuno amapezeka, popeza amapangidwa ku Chikangawa. Thabwa la MDF ndi losalala ndi losavuta kucheka, koma limamwa chinyezi ndi kufufuma, choncho m'nyumba imene dzinja limalowa m'makoma liyenera kupakidwa penti kapena vanishi mbali zonse, makamaka m'mphepete modulidwa. Fumbi lake ndi loipa m'chifuwa, ndipo wocheka aphimbe mphuno. Thabwa la mtengo weniweni, monga mlombwa, ndi lokongola, koma limafufuma ndi kufota potsata nyengo, ndipo patapita chaka mng'alu ungaoneke polumikiza. Mng'alu ndiye mdani wamkulu, pakuti bokosi lotuluka mpweya limaliza mluzu ndi kutaya besi. Guluu wa matabwa apakidwe mosaumira m'malumikizo onse. Misomali ndi masikuluwu ntchito yawo n'kungogwirizira pamene guluu akuuma. Pakati pa makoma aakulu ikani kamtanda kolimbitsa. Gilbert Briggs, mwini wa Wharfedale ku Yorkshire, ankafika pothira mchenga pakati pa matabwa awiri kuti khoma lisanjenjemere, ndipo mchenga ndi chinthu chimodzi chimene sitidzaitanitsa kunja.

Pali tinthu tiwiri timene oyamba amaiwala. Koyamba, chibowo cha sipika chisemedwe mopendeka cha kumbuyo, kuti mpweya wa kuseri kwa chipepala upeze njira. Sipika yaing'ono m'thabwa lochindikala imakhala ngati munthu wopumira m'paipi. Kachiwiri, m'kati muikidwe zofewa zomeza mawu, monga ubweya, thonje kapena zija za m'mapilo, makamaka pa khoma loyang'anizana ndi sipika. Chipepala cha sipika yotere ndi chopyapyala, ndipo mawu obwerera kuchokera ku khoma lakumbuyo amadutsa n'kumveka kunja. Koma musapanikize ngati mukudzaza thumba la chimanga, kapena kutseka pakamwa pa paipi. Tiwonjezepo chathu chimene mabuku a ku Ulaya satchula: paipi yotseguka ndi khomo la mphemvu ndi mbewa, ndipo kasefa ka waya kumbuyo kwake kamapulumutsa thonje lanu.

Funso la mawati ndilo limene otsatsa malonda asokoneza nalo anthu koposa. Pa mabokosi onyezimira a m'masitolo mumawerenga manambala a zikwi, otsatana ndi zilembo zakuti PMPO, pamene chingwe chake cha magetsi n'chopyapyala ngati ulusi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala yodalirika ndi ya RMS, ndipo ngakhale iyoyo imangonena mphamvu imene sipika ingapirire isanapse, osati kukula kwa mawu ake. Kukula kwa mawu kumaoneka pa nambala ina, ya ma dB amene sipika imatulutsa pa wati imodzi mutaima mita imodzi. Kuwonjezera 3 dB kumafuna mawati owirikiza kawiri, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akula kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, ndiko kuti mawati owirikiza kakhumi. Chomwecho sipika ya 93 dB yopatsidwa mawati 5 imafanana ndi ya 87 dB yopatsidwa mawati 20. Masipika ambiri a mtundu wathuwu ali ndi chipepala chopepuka ndipo sataya mphamvu mu crossover, kotero kuti m'chipinda chochezera wati imodzi kapena awiri amakwana pa kumvetsera kwa masiku onse. Apa mpamene nkhaniyi imakhudza nyumba zathu zambiri zimene zimadalira sola ndi batire. Masiku ano kuli timaampulifaya ta mtundu wa Class D, tating'ono ngati bokosi la machesi kapena la sopo, timene timayenda ndi mavoti 12 ndipo sititaya magetsi ambiri m'kutentha. Tili ndi ubwino winanso umene makolo ayenera kuugwira: mwana wogwira ntchito ndi mavoti 12 sali pangozi ya imfa. Magetsi a pakhoma, a mavoti 230, amapha, ndipo kutsegula chida cholumikizidwa kumeneko si ntchito ya wophunzira.

Nanga amene sangathe kuitanitsa sipika kunja atani? Ayambe ndi zimene zilipo. M'misika yathu muli masipika ochotsedwa m'magalimoto, m'mawayilesi ndi m'ma TV akale, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu womwewu. Pogula, kankhani chipepala pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mofanana. Mukamva kukhuta kapena kukanda, koyilo inapsa kapena inapindika, isiyeni. Yang'anani mphira kapena siponji ya m'mphepete ngati siyafumbwa. Gunditsani batire la tochi la mavoti 1.5 pa mawaya ake kwa kamphindi: sipika yamoyo imati "thu", ndipo chipepala chikatulukira kutsogolo, waya umene wakhudza kumutu kwa batire ndiwo wa (+). Lembani chizindikiro, pakuti mabokosi awiri akalumikizidwa mosemphana, lina limakankha pamene linzake likukoka, ndipo besi imathawa. Sipika yolembedwa ma ohm 8 ikayezedwa ndi mita imaonetsa 6 kapena 7, palibe cholakwika. Masipika a galimoto kawirikawiri ndi a ma ohm 4, ndipo awiri otero akalumikizidwa pa waya umodzi mbali ndi mbali amatsika kufika pa 2, zimene zimaotcha maampulifaya ambiri. Popeza masipika otolawa alibe pepala la manambala, ndipo ambiri Qts yawo ndi yokwera, apatseni bokosi lotseka lalikulupo, lodzaza bwino ndi thonje, kapena thabwa lopanda kumbuyo. Yesani poyamba ndi katoni yochindikala musanadule pulayiwudi.

Pa intaneti mudzawerenga kuti sipika yatsopano iyenera kuimba maola mazanamazana isanayambe kukoma, ndiponso kuti pamafunika mawaya a mtengo wa mbuzi. Zoona zake n'zakuti zogwirizira chipepala zimafewa pang'ono m'maola oyamba, ndipo chotsalacho ndi khutu limene likuzolowera. Waya wa kopa wonenepa bwino, wonga wa nyale ya patebulo, ndi wokwanira pa mamita atatu kapena anayi.

Kwa achinyamata tili ndi mawu amodzi olemera. Timaselo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo mawu akakwera ndi 3 dB nthawi yololedwayo imadulidwa pakati. Ngati simungathe kuyankhulana ndi mnzanu wokhala pafupi popanda kukweza mawu, nyimbo yakwera mopitirira. Khutu likamalira lokha usiku mutazimitsa zonse, likukuchenjezani. Chimodzi mwa zimene timakondera sipika imodzi n'chakuti imamveka bwino ngakhale ili pansipansi, ndipo ikakwezedwa mopyola imadandaula msanga, mwini wake asanagonthe ndiponso anansi asanabwere kudzagogoda.

Bokosi likatha, ntchito siinathe, pakuti chipinda nacho ndi gawo la chida. Bokosi lopapatiza limamwaza mawu akuya mbali zonse pamene okwera likuwaponya kutsogolo, kotero kuti likaima pakati pa chipinda limamveka lowonda. Pa bokosi la masentimita 20 m'lifupi kuwondako kumayambira cha m'ma 500 kapena 600 Hz kupita pansi. Ena amakonza zimenezi ndi koyilo imodzi ndi rezisita imodzi, koma mankhwala aulere ndiwo kulisendeza kufupi ndi khoma, pang'onopang'ono, mpaka liwu la mwamuna limveke lodzaza koma losatupa. Pangodya besi imachuluka koposa, nthawi zina mopitirira. Masipika akhale pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi pa mpando, atalikirane mamita awiri, ndipo mpando ukhale mamita awiri kuchokera ku lililonse. Ngati mawu a pamwamba akubaya, musalozetse mabokosi pankhope penipeni, apotozeni pang'ono. Pansi pa simenti ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu ngati m'kalasi lopanda ana, ndipo mkeka, makatani ndi shelefu ya mabuku zimathandiza kuposa chida chilichonse chogula.

Poyesa, musayambe ndi nyimbo ya ng'oma zamphamvu. Yambani ndi liwu la munthu amene mumamudziwa, lojambulidwa pa foni, kenaka wowerenga nkhani pa wayilesi, kenaka kwaya. Ndipo ngati patapita miyezi mwana wanu akulirabe besi, sipafunika kutaya chilichonse. Akhome bokosi lachitatu la wufa ya mainchesi 8 kapena 10, lokhala ndi ampulifaya yakeyake, loimba za pansi pa 100 kapena 150 Hz zokha. Malire akakhala pansi chotero, gawo lalikulu la liwu la munthu limatsalabe m'sipika imodzi ija, ndipo iyo, itapeputsidwa mtolo wa besi, imaimba momasuka kuposa kale. Bokosi lachitatulo likhale ndi switchi yake, kuti pofika 9 koloko usiku lizizimitsidwa palokha, awiri aja n'kupitiriza.